Maliro a Damiyano, Wosesa pa Kachisi wa Ahindu

Moni kwa inu nonse amene muwerenge mawu awa, makamaka amayi anzanga amene munaikapo amuna anu. Ine ndine make Lonjezo. Panopa ndimakhala kwathu pafupi ndi Mtakataka, koma ndinakwatiwa ku Golomoti. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho ndingonena monga zinachitikira. Amuna anga, a Damiyano, anamwalirira ku Lilongwe, ndipo panatsala pang'ono kuti aikidwe ndi akaidi ngati munthu wopanda kwawo, abale awo ali moyo, mpingo wawo uli pomwepo. Mtima wanga sunapole, ndisakunamizeni. Koma zimene Mulungu anandichitira sindingazibise.

A Damiyano ankagwira ntchito pa kachisi wa Ahindu, amwenye aja osadya nyama. Ankasesa pabwalo, kuthirira maluwa, kutsegula geti ndi kutsuka mapoto akuluakulu ophikira pa zikondwerero. Ine ndinatsala kumudzi kwawo, kuchitengwa, ndikulima ndi kulera ana. Kamodzikamodzi ndinkapitako, makamaka nyengo yotentha mvula isanagwe, pamene zikondwerero zawo zimachulukana ndipo pamafunika manja ambiri. Ndinkakhala pansi pakhonde ndi amayi achimwenye, tikutunga maluwa achikasu pa ulusi, m'kati mukulira belu ndi nyimbo zawo. Ndinaona ndi maso anga akazi a eni masitolo, ovala golide m'manja, akusenda mbatata ndi kukolopa pansi chogwada. Ndinafunsa amuna anga kuti, anthu olemera chonchi akulephera kulemba wantchito? Iwo anati ayi, imeneyo amati seva, kutumikira Mulungu ndi manja ako, ndipo m'kati mwa kachisi salola kuti wolembedwa ntchito awasesere.

Wamkulu wa amayiwo anali mayi wina wokalamba, wamfupi, amene onse ankangomutchula kuti Baa, ndiko kunena kuti mayi. A Baa anabadwira kuno ku Malawi, m'masiku amene amwenye anali ndi masitolo kumidzi, ndipo Chichewa ankachilankhula ngati ine ndi inu. Anali aukali. Ulendo wanga woyamba ndinagula usipa wouma pa Mtakataka kuti amuna anga akalaweko ndiwo za kwawo. Sindinkadziwa kuti nsomba, nyama, ngakhale dzira, sizilowa pa geti lija. A Baa anamva fungo ndisanatule n'komwe katundu. "Iwe mayi, wanyamula chiyani m'jumbomo? Tuluka nazo! Pano si padoko!" Ndinatuluka anthu akundiyang'ana, ndipo usipawo tinakadyera kuseri kwa mpanda ngati akuba. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawapatsa moni a Baa ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinkati mayi uyu sationa ngati anthu.

Kumudzi tinkapemphera mu kampingo kena kamene sinditchula dzina. A Damiyano ndi amene anasenza mitengo ya denga la tchalitchicho kuchokera kuphiri. Kutabwera abusa atsopano, anayamba kulalikira kuti wosesa pakhomo pa mafano wagwadira mafanowo. Anawaitana amuna anga nawauza kuti asankhe, ntchito kapena mpingo. A Damiyano anati, "Abusa, ndikasiya, ana anga muwadyetsa ndinu?" Basi, anawadula mumpingo. Ine sanandidule, koma ndikalowa m'tchalitchi amayi ena ankasuntha pa benchi. Zakudya zotsekemera zimene amuna anga ankabweretsa zikondwerero zikatha, ana a anzathu analetsedwa kulandira. Koma alamu anga a Gelevazio, akulu awo a Damiyano, ankadya ndithu mpaka kunyambita zala, n'kupemphanso ya fodya.

Uthenga unandipeza ndili kumunda ndikugalauza. Anaimba foni ndi alonda a pa kachisipo. Anati a Damiyano anagwa akunyamula mapoto, anawathamangitsira kuchipatala, koma sanadzukenso. Inali sabata ya Diwali, chikondwerero chawo chachikulu cha nyale. Ndinafunsa kuti nanga mabwana akuti bwanji za mtembo. Alondawo anati, "Mayi, kuno kuli piringupiringu, ine sindinauzidwe kanthu." Ndinangoti basi, zadziwika. Sabata imeneyo Mhindu amatsuka nyumba yonse, amajambula maluwa pakhomo ndi ufa wamitundumitundu, amavala zatsopano. Amuna anga anandiuzaponso kuti kwa iwo munthu wokhudza maliro sayandikira zopatulika asanadziyeretse. Ndani akanasiya zonsezo chifukwa cha wosesa pabwalo?

Tinalira, anthu anasonkhana, amayi anadzaza m'nyumba mwanga. Koma maliro opanda mtembo ndi chinthu chamanyazi. Mwa mwambo, mwini maliro anali a Gelevazio. Ndinawagwadira kuti tigulitse mbuzi zimene a Damiyano anawasungitsa, tipeze galimoto. Anandiyankha pamaso pa anthu kuti, "Mbuzi zake ziti? Mlamu, thukuta la mng'ono wanga anadya ndi amwenye. Wadya mnofu ndiye ataye mafupa." Mwana wa mayi awo anamutcha mafupa, tsiku lomwelo wamwalira.

Ndinapita kwa abusa. Sanandilowetse m'nyumba, anandilankhulira pakhonde ali chiimire. Anati mpingo suimba pa maliro a munthu wodulidwa, ndipo thumba la mpingo si la otumikira mafano. Anawonjezera kuti imfa imeneyi ikhale phunziro kwa ena. Mawu amenewo ndinawameza, koma mpaka lero sanatsike pakhosi.

Foni yanga inazima, ndipo pa Golomoti magetsi anali atathima, kotchajitsa kunalibe. Adzukulu, anthu okumba manda, anabwera kudzafunsa kuti, tikumbe kapena tisakumbe? Palibe anawayankha. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, uyu kukamwetsa ng'ombe, uyu kukaona mwana, osabweranso. Mayi wina amene anadwazikapo matenda ku chipatala cha m'tauni anandinong'oneza kuti ndifulumire, chifukwa mtembo ukakhalitsa wopanda mwini amauika ndi akaidi, dzenje limodzi ndi ena. Ankayesa kundithandiza, koma kuyambira pamenepo sindinkaonanso china koma a Damiyano ali m'dzenje limenelo, popanda ngakhale wowaponyera dothi. Ndinaganiza zokwera minibasi ndekha. Koma ndikanafika n'kutani? Kuwabereka kumsana?

Ndinalowa kuchipinda masana dzuwa likuswa mtengo, n'kugwada pamene tinkagona. Silinali pemphero labwino. Ndinati, Mulungu, munthu uyu anakusenzerani mitengo ya nyumba yanu mapewa mpaka kusupuka. Ngati munamudula inunso monga anachitira abusa, ndiuzeni ndileke kukuvutitsani. Koma ngati simunamudule, mubweretseni ndimuike, ana ake adziwe pamene wagona. Sindinamve liwu lililonse. Ndinatuluka n'kukhalanso pa mphasa ndi amayi ochepa amene anatsala.

M'mawa mwake, limene linali tsiku lenileni la Diwali, tinamva galimoto ikulimbana ndi mchenga wa m'njira yathu. Inali lole yaing'ono yonyamulira katundu wa m'sitolo. Kumbuyo kunali bokosi lomangidwa bwino ndi zingwe, ndipo pamwamba pake anayalapo maluwa achikasu otungidwa pa ulusi, ochuluka moti thabwa silinkaoneka. Woyendetsa anali mwana wamwamuna wa a Baa. Kenako chitseko china chinatseguka, ndipo anatsika a Baa eni ake, atavala nsalu yoyera yopanda maluwa, nkhope ili mbuu ndi fumbi. Mwana wawoyo anati anandiimbira foni kambirimbiri osandipeza. Ankangodziwa kuti kwawo kwa Damiyano ndi ku Golomoti, ndiye anabwera akufunsa m'njira.

A Baa anavula nsapato patali, monga amachitira pa kachisi wawo, nayenda pa mchenga wotentha kudzakhala pa mphasa pambali panga. Bokosi analilowetsa. Amayi anasiya kulira n'kumangoyang'ana. Chimene chinatuluka pakamwa panga chinali chopusa. Ndinati, "A Baa, nanga si lero tsiku la nyale?"

Iwo anati, "Ndi lero. Koma kwathu nyumba ikagwa maliro, chaka chimenecho sitiyatsa nyale, sitiphika zotsekemera. Damiyano wanditsegulira geti lija m'mawa uliwonse mpaka ndakalamba. Nyumba yanga yagwa maliro. Ena ayatse, ine ayi."

Ndinkadziwa chimene anasiya. Tsiku lotsatira Diwali amasanja zakudya zamitundumitundu pamaso pa milungu yawo, m'mizere yokwera ngati masitepe, n'kugawira aliyense wobwera. Woika mbale yoyamba chaka chilichonse anali a Baa, ndipo ankakonzekera mwezi wathunthu, kukalipira aliyense wolakwitsa. Munthu amene anandithamangitsa chifukwa cha usipa ndiye anakhala nane pafupi ndi mtembo, dzanja lake lili pa bondo langa. Alamu anga anali panja, akusuzumira m'lole kuti aone ngati mwabwera matumba.

Matumba analimodi, a mpunga ndi nyemba. Adzukulu anatenga makasu. Aja anapita kukamwetsa ng'ombe anabwerera, aja okaona ana anabwerera, ndipo a Gelevazio anakhala pampando wa kutsogolo n'kumalandira anthu ndi nkhope yachisoni.

Nthawi yonyamula bokosi itakwana, panja panali zii. A Baa anandifunsa mokweza, monga amalankhulira, kuti, "Kodi oimba ali kuti? Ine ndakulira m'dziko lino, Mkhristu saikidwa mwakachetechete." Ndinawauza kuti anadulidwa chifukwa cha ntchito ya pa kachisi. Nkhope yawo inasintha, ukali uja unabwera. Anatembenukira kwa amayi a mpingo wathu amene anakhala paokha pansi pa mtengo, nati, "Munthu uyu sanalowepo m'kati mwathu, sanagwadirepo milungu yathu. M'mawa uliwonse asanagwire tsache ankapemphera kwa Yesu wake, ndipo ngakhale ndikhale ndi changu chotani ndinkadikira amalize. Nyimbo zanu ine sindizidziwa, bwenzi nditaimba. Inu mukuzidziwa. Mwakhala chete chifukwa chiyani?"

Aliyense anayang'ana zala za kumapazi. Kenako a Nangozo, mayi wamasiye amene amakhala kuseri kwa tchalitchi, anayambitsa nyimbo ndi mawu onjenjemera. Ndime yoyamba anaimba okha mpaka kumapeto. Pa yachiwiri wina analandira, kenako winanso. Si onse ayi. Ena anatseka pakamwa mpaka kumanda poopa kuti abusa akamva. Koma a Damiyano anapita ndi nyimbo. A Baa anatsala pakhomo chifukwa kwawo akazi saperekeza mtembo, koma mwana wawo anasenza nawo bokosi, kusinthana ndi amuna a m'mudzi, malaya ake oyera n'kuda ndi thukuta. Ine ndinaponya dothi. Lonjezo ndi azing'ono ake anaponya dothi.

Sindikuuzani kuti zonse zinakoma pambuyo pake. Abusa sanabwere, ndipo mpaka lero sanandipepese. A Nangozo anawaimitsa pa mgonero chifukwa cha nyimbo ija. A Gelevazio, lole isananyamuke, anakokera pambali mwana wa a Baa n'kumufunsa za malipiro a malemu. Iye anawayankha kuti zimenezo zidzaperekedwa m'manja mwa mkazi wa malemuyo, ndipo kuyambira tsikulo alamu anga anasiya kundiyankha moni. Mbuzi sindinazione. Abale a amuna anga atandisudzula ndinanyamula ana kubwerera kwathu. Pali masiku amene ndimadzuka ndi mkwiyo womwe uja, ndipo ndikamva wina akulalikira za chikondi cha pa abale ndimangoyang'ana pansi. Kukhululuka ndikupemphabe kuti Mulungu andipatse, sindinalandire.

Ena amandifunsa monyoza ngati ndinalowa Chihindu. Ayi, ndipo a Baa sanandipemphepo. Ndimapemphera kwa Yesu yemwe uja, mu mpingo wina kwathu kuno. Nyengo ya zikondwerero amandiitana kukatunga maluwa ndi kutsuka mapoto, ndipo ana anga amadya kuchokera pamenepo. A Baa sanasinthe. Mfundo ya ulusi ikamasuka amandikalipira pakati pa anthu monga kale. Kungoti tsopano ndimadziwa amene akundikalipirayo.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa anamva pemphero lowawa, lopanda ulemu, la mkazi amene anatsala pang'ono kumusiya. Ndikuthokoza a Baa ndi mwana wawo, ndiponso a Nangozo amene analipira mtengo wa nyimbo imodzi. Inu amene abale akutsekerani chitseko pa nthawi yanu yovuta, musaleke kupempha, ngakhale mawu anu atuluke okwiya ngati anga. Koma musamusankhire Mulungu munthu woti amutume. Ine ndinatha maondo kugwadira alamu ndi abusa. A Damiyano agona kwawo, pakati pa bambo awo ndi mayi awo, ndipo ana anga akafunsa kuti atate ali kuti, ndili ndi powalozera.