Chala Changa pa Pepala la Mlongo Wanga

Kale, imvi izi zisanamere, kuno ku Nsaru kudafika galimoto ya anthu ofufuza za matenda akugwa. Inu pitirizani kusankha fodyayo, mundibwereke makutu okha, chifukwa nkhaniyi imandisowetsa mtendere mpaka lero.

Mlongo wanga Nabanda ankadwala khunyu, ndipo alendowo pofuna anthu oti ayeserepo mankhwala atsopano, sadafunse iye ayi, adafunsa ine, poti kwathu kuno mwini mbumba ndiye ankayankhira alongo ake. Pepala lake lovomerezera lidali Chingerezi chokhachokha, koma ine ndi phuma langali ndidangodindapo chala. Safunsa adadya phula, eti?

Mwezi usanathe Nabanda ankangosinza ngati nkhuku yachitopa, khasu kumupulumuka m'manja, thupi lonse zidzolo. Tsiku lina adandipeza m'chigafa ngati muno, nagwada. "Achimwene, mankhwalawa akundipweteka, kodi ndisiye?" Ine kukalipa: "Ndidavomera kale pamaso pa alendo, ukufuna ndioneke wabodza?" Ha! Mwana wa mayi anga akuvutika, ine ndikusamala ulemu wanga. Adamwabe, poti masiku amenewo mlongo sankatsutsa mchimwene wake, mpaka m'kamwa mudabuka zilonda, tidachita kumutengera kuchipatala pangolo. Adachira, koma alendo aja sitidawaonenso, paja mlendo ndi mame.

Iwe, usandiyang'ane choncho, ndikudziwa kuti ndidalakwa.

Chaka chathachi kudabwera ena, ofufuza za amayi oyembekezera, ndipo ine ndidakonzeka kuyankhira mdzukulu wa Nabanda, yemwe adali woyembekezera, monga mwa kale, koma namwino wawo adandikhazika pambali mwaulemu. Adamuwerengera mtsikanayo pepala lonse m'Chichewa, kuipa kwake ndi ubwino wake, namuuza kuti akhoza kukana, kapena kusiyira panjira, ndipo kuchipatala adzamuthandizabe. Nabanda, nkhalamba tsopano, adali pakhonde akumva zonsezo. Adatembenuka n'kundiyang'ana ine. "Achimwene, kani kukana kumaloledwa?" Adafunsa mofatsa, osati mokwiya. Ndidachita manyazi, ana inu, manyazi enieni.

Kafukufuku si woipa, mankhwala tikumwawa adachokera komweko. Koma ofufuza akadzabwera kudzafuna wodwala, woyembekezera kapena wosadziwa kuwerenga wa pakhomo panu, mudzamuthandize kumvetsa, kenaka mudzakhale chete ayankhe yekha. Akadzati akumva kupweteka, mudzamumvere tsiku lomwelo.