Nyimbo Yomwe Inatuluka pa Maliro a Mayi Anga

Omvera anzanga, ndikulemba kuchokera ku Leicester. Kumudzi ndinkayambitsa nyimbo m'kwaya, koma kuno ndinatchuka ndi nyimbo imodzi yakale ya rock. Kwa zaka zisanu, kulikonse komwe bandi yathu inkaimba, azungu ankangofuna yomweyo.

Mayi anga atamwalira ku Malawi, mapepala anga okhalira kuno sanandilole kupita. Amalawi anzanga anasonkhana kwanga ku Evington, mu Leicester momwemu, azimayi titakhala pansi.

Mayi wina wachikulire anandigwira phewa. "Mwananga, tayambitsani nyimbo yomwe malemu ankaikonda, ife tilandira."

Nditatsegula pakamwa, inatuluka ya rock ija, ndipo palibe analandira. Ndinaimaliza ndekha, m'maso muli gwa.

Loweruka lotsatira, bandi yathu ikuimba ku tauni ya Loughborough, azungu anaipemphanso, ndinaimba, anawomba m'manja. Ya mayi anga ija, mpaka lero sindikuikumbukira.