Lubani Wazima Pansi pa Mkungudza

Ine Tian Baoshan, amene ndinayamba ndi kugulitsa njere za mpendadzuwa pa siteshoni ndipo lero ndili ndi nyumba za tiyi mpaka kutsidya kwa nyanja, ngamila inanditafunirapo chipewa ku Dubai, ndinavinapo pa chipale chofewa ku Moscow, koma zimene ndinaonera kuseri kwa nsungwi m'paki ya kwathu ku Chengdu sindinazione kwina kulikonse.

Pansi pa mkungudza wakale panaima Aphunzitsi Mou, katswiri wa chigong, luso la kwathu lolimbitsa thupi poima njii ndi kupuma mwadongosolo. Mkuluyu analumbira paki yonse ikumva kuti tsiku limene adzapemphe thandizo kwa Mayi Pu, sing'anga wobaya singano yemwenso amatsogolera amayi ovina, malo a pansi pa mtengowo adzawasiyira ovinawo. Pambali pawo panaima wophunzira mmodzi yekha amene anawatsalira, mkulu Ran, yemwe anakalamba akulondera pamene msewu umadutsa njanji, osachokapo olo kukagwa matalala. Onse awiri mawondo opinda, manja akumbatira mtsuko wosaoneka, patsogolo pawo kamtengo ka lubani kozika m'dothi, poti lamulo ndi lakuti palibe kusuntha mpaka lubani atatha.

"Ran."

Ran anangopitiriza kukumbatira mtsuko wake.

"Iwe Ran!"

"Ndikupuma ndi mimba, aphunzitsi."

"Siya kaye kupumako. Bwera kuno undigwire apa, pamwamba pa chiuno. Pang'onopang'ono."

"Lubani sanathe."

"Ndikudziwa. Bwera basi."

Ran anamwetulira, khosi osatembenuza. "Ehee, ayambanso mayeso aja."

"Mayeso ati?"

"Tsiku lija munakuwa kuti 'Moto! Moto!' Xiang wometa uja anathawa, inu n'kumuchotsa. Kenaka munati mkazi wa Lei wagwera m'dziwe la nsomba. Lei analiyatsa liwiro, n'kumuchotsanso. Munati ngakhale inu nomwe mutalira ngati khanda, ine ndisasunthe."

"Lero si mayeso."

"Munatinso tsiku lina mudzanena kuti si mayeso."

Aphunzitsi Mou anatsitsa mawu. "Tamvera. Chi yanga, mphamvu yonse ya m'thupi muno, yaunjikana malo amodzi."

"Aa, mwayi wanu! Paja munati zimenezo zimachitikira akatswiri okhaokha."

"Yaunjikana moti sindikutha kuwongoka."

"Oo! Ndiye kuti msana wagwira?"

"Msana wa Mou sugwira, iwe!"

"Ndiye palibe vuto," anatero Ran, n'kupitiriza kupuma ndi mimba.

Panadutsa kanthawi. Mpheta inatera pa phewa la aphunzitsi, inayang'ana uku ndi uku, n'kusiyapo kamphatso.

"Ran, taona lubaniyo."

"Ndikumuona."

"Utsi uli kuti?"

"Palibe."

"Palibe chifukwa mame adontha kuchoka mumtengomu! Wazima kalekale!"

"Wazima inde. Koma sanathe. Watsala wautali ngati chala."

"Nanga atha liti?"

"Akayatsidwa."

"Ndiye kamuyatse!"

"Kuti ndimuyatse ndiyenera kusuntha, aphunzitsi. Kuti ndisunthe, iyeyo ayenera kutha."

"Ukufuna tikhale pano mpaka Chaka Chatsopano?"

"Ngati n'kumene mayeso akathere, ndingopempha kuti akazi anga azibwera kudzandidyetsa."

"Mbuzi yamunthu! Chabwino, usasunthe. Uzira uli pomwepo, mwina mukadali kamoto."

"Ndiuzire ndi mimba kapena ndi chifuwa?"

"Ndi chilichonse chimene uli nacho!"

Abale anga, ine ndakhalapo m'nyumba za zisudzo zamakapeti ofiira kumaiko a eni, koma sindinaonepo madoda awiri a imvi atapinda mawondo, masaya atatupa ngati achule, akuuzira kamtengo kozima kali patali. Fuu! Fuu! Phulusa lokha ndi limene linauluka.

"Sizikutheka," anatero Ran. "Bwanji tiitane a Tian a nyumba ya tiyi? Ali ndi machesi."

"Tian? Pakamwa pake paja ndi wailesi! Lisanalowe dzuwa Chengdu yense akhala atamva."

Kumeneko ndiye kundinyoza. Chengdu yekha? Nkhaniyi ndaifotokozapo mpaka m'ndege.

Aphunzitsi anati ayese okha. Anakoka mpweya, n'kuyesa kuwongola bondo limodzi.

"Mayooo!"

Maso a Ran anawala. "Limeneli ndi latsopano! Mawu ochiritsa munatiphunzitsa aja ndimawadziwa onse, la chiwindi, la mapapo, la impso. Nanga ili ndi la chiwalo chiti?"

"La amako!"

"Amayi anamwalira, koma ndiliphunzirabe. Mayooo! Ndakhoza, aphunzitsi? Kapena ndikweze pang'ono? Mayooooo!"

"Khala chete, uitana anthu!"

Apa n'kuti kugeti kwa paki kukumveka kale ng'oma. Chinali chimkuzamawu cha Mayi Pu, chimene amachikoka pa kangolo m'mawa uliwonse, amayi ovina aja ali pambuyo ndi zokupizira zofiira. Zaka zonsezi amavinira padzuwa, pafupi ndi zimbudzi, maso ali pa mthunzi wa mkungudza.

Thukuta linayamba kutsika pa mphuno ya aphunzitsi. "Ran, mwana wanga. M'bale wanga. Ukuimva nyimboyo?"

"Ndikuimva. Ndi ija ya mtsikana wothyola tiyi."

"Mayi ujayo akandipeza nditauma chonchi, malo ano apita. Mthunzi uno ndaimamo tsitsi langa lili lakuda. Ungondinyamula, ukandibise kuseri kwa mwala uwo."

"Mawu anu akundigwira mtima, aphunzitsi. Mayeso a lero mwawakonza bwino kwambiri. Mpaka misozi!"

"Ndi thukuta!"

"Nalonso mwalikonza bwino."

"Chabwino! Ndakuchotsa! Kuyambira pano sindiwenso wophunzira wanga. Lamulo la lubani silikukukhudza. Tsitsa manja, bwera undigwire."

"Mwandichotsa?"

"Ndakuchotsa. Fulumira."

"Ndiye ndine munthu wakunja."

"Wakunja weniweni. Bwera."

"Sindingathe. Paja munati munthu wakunja asamakhudze mphunzitsi ali pa chigong, chi imabalalika ngati nkhuku. Munalembanso pa kabolodi ako."

"Ndakubwezeretsa! Ndiwenso wophunzira!"

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi. Sindidzaiwala chifundo chanu."

"Tsono bwera!"

"Lubani sanathe."

Aphunzitsi Mou anatulutsa liwu lina limene silili m'buku lililonse la chigong. Ran analibwereza mosamala.

"Ndani anakupanga iwe?" anafunsa aphunzitsi mano ali gwa. "Njanji ija inakulowa m'mutu?"

"Kunjanji lamulo linali limodzi. Chotchinga chikatsika, sichikwera mpaka sitima itadutsa. Tsiku lina bwanamkubwa anandikalipira ali m'galimoto lake, ine osakweza."

"Sitimayo inadutsa?"

"Inali itawonongeka ku Mianyang. Inadutsa mawa lake."

"Nanga bwanamkubwayo?"

"Tinagawana mpunga wanga. Munthu wabwino."

Ng'oma ija inafika pa kamlatho. Zokupizira zofiira zinayamba kuonekera m'mipata ya nsungwi. Miyendo ya aphunzitsi inali kunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa, koma msana uli nji, osalola.

"Ran, ndikufunse komaliza. Ndikagwa pansi pompano, uchita chiyani?"

"Mugwera kuti?"

"Zili ndi ntchito?"

"Mukagwera kutsogolo muthyola lubani. Akathyoka, sindikudziwa ngati ndiye kuti watha. Zimenezo simunatiphunzitse."

"Watha! Akathyoka watha!"

"Ndiye igwani, aphunzitsi."

Anayesa, ndikulumbira pa nyumba zanga zonse za tiyi, anayesa kugwa. Anasuntha pang'ono ngati kabati ikukankhidwa, n'kukuwa mokweza moti mpheta zonse zinathawa mumtengo. Kugwa kunakanika, kuwongoka kunakanika. Anatsala atapendekeka ngati tiyipoti akuthira.

"Kaimidwe kameneko n'katsopano," anatero Ran, n'kupendekeka nayenso.

Basi, pamenepo mkuluyo anagonja. Anatseka maso, n'kukuwa ndi mphamvu zonse za zaka zake za kupuma ndi mimba.

"Mayi Pu! Mayi Puuu! Bwerani ndi singano zanuzo! Mthunzi tengani, mtengo tengani, ndi mphetazi tengani! Msana wandigwira!"

Nyimbo inazima. Kenaka kunamveka kangolo kakubwera, kwii, kwii, kwii.

"Muwauze abweretse zazitali zija," ananong'oneza Ran. "Zamsana ndi zazitali, amazisunga m'kabokosi kobiriwira. Musaope, sizipweteka. Amayamba ndi kuseri kwa bondo."

Aphunzitsi anatsegula diso limodzi. "Iwe ukudziwa bwanji?"

"Ndimapitako madzulo alionse."

"Iwe? Kwa Pu? Iwe amene ndimakuloza paki yonse kuti onani chipatso cha chigong, munthu woima ngati mwala?"

"Munalumbira kuti inuyo simudzapitako, aphunzitsi. Za ine simunanene."

"Ndiye zaka zonsezi..."

Ran anawayang'ana modabwa, manja akadali pa mtsuko wake wosaoneka uja.

"Nanga inu mumaganiza kuti chimandiimiritsa chonchi n'chiyani? Chigong?"