Ndinkayesa Akundikhazika Pansi

Abusa, akulu ampingo, amayi ndi abambo, achinyamata anzanga, moni nonse m'dzina la Yesu. Mundikhululukire, sindine wodziwa kuyankhula pagulu. Ndine Tiyamike, wa ku Magaleta konkuno.

Kale ndinkayimba kwaya. Yunifolomu ankandisitira ndi mayi anga. Dzinja lija mayi anadwala mwadzidzidzi. Amalume ndi anyamata a m'mudzi anawanyamula pa machira kulowera kuchipatala. Tifike pamtsinje, madzi adzaza. Tinadikira. Tinadikira, abale anga! Madzi asanaphwe, mayi anatisiya pomwepo.

Kuchokera tsiku limenelo pakamwa panga panatsekeka. Kwaya ndinasiya. Popemphera ndinkangogwada basi, mawu osatuluka. Ndimuuze chiyani Mulungu? Kodi mvula si yake?

Mlangizi wathu wa achinyamata, a Phiri, anati, "Tiya, ngati zikukanika pakamwa, lemba ndakatulo, ngati zija timamva pa wailesi." Ndinalemba. Sindinkafuna kuti wina aimve, koma atati ndidzalakatule Lamulungu, ndinachita manyazi kukana.

Ndinaima pompano, pepala lili m'manja. Ndinafika pamzere wakuti, "Tinafika pamtsinje, madzi anatikaniza." Kenaka ndinamva mayi wina kumbuyoko akuyimba mzere womwewo. Wina n'kuvomera. Winanso.

Inu mukudziwa khalidwe lathu muno. Munthu akatalikitsa zolengeza, amayi amangoyambitsa kolasi kuti akhale pansi. Eti? Ndiye ndinati basi, ndawatopetsa. Ndadziyalutsa, ndayalutsanso mayi anga kumanda. Ndinapinda pepala n'kukhala pansi, nkhope m'chitenje.

Mayi Nachisale, aja amakhala pabenchi yakumapeto, anabwera n'kundikoka dzanja.

"Iwe, wakhaliranji?"

"Si mwandiyimbira kolasi, amayi?"

"Kolasi yake iti? Mwana iwe, Yohane wanga adafera pamtsinje womwewo. Uyo akulirayo adaberekera pomwepo, khanda osalira. Imirira umalize. Ukutinenera ife."

Ndinaimirira. Ndikafika pamzere uja, tchalitchi chonse chinkavomera. Amalume, amene pamaliro sanagwetse msozi, anabisa nkhope m'chipewa.

Abale ndi alongo, mpaka lero sindimvetsa. Ndinalemba za mayi anga, mayi anga okha. Dzina la Yohane mulibemo. Nanga analowamo bwanji? Tsiku lina ndinapeza amayi ena akukumba mbatatesi, akuyimba mzere uja, mawu ena atasintha. Mtima unandipweteka pang'ono. Ndiwauze kuti alakwitsa? Nanga ndakatuloyo ndi yangabe? Ndinangowapatsa moni n'kudutsa.

Sindikunamizeni. Funso langa la mvula Mulungu sanandiyankhe. Mlatho palibebe, madzi amadzazabe. Koma pakamwa panga panatseguka. Aleluya! Ndinabwerera ku kwaya, yunifolomu ndimasita ndekha. Ndimapemphera, ngakhale ndi mawu ochepa, ndipo podutsa pamtsinje paja sinditsinzinanso.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira dzanja la mayi Nachisale. Ndikuthokozanso inu amene munavomera, ine ndikuyesa mukundithamangitsa.

Sabata yatha abambo ena, amene sindiwadziwa n'komwe dzina, anandiimitsa panjira ya kumsika. Anati, "Mwana wa malemu, udzalembeko za mbozi zatha chimanga chathuzi."

Ndinati, "Bambo, kaya ngati ndingathe. Munda wanu sindinauone."

Anaseka. "Iwe ungoyamba. Ife tidzavomera."

Mundipempherere, abale anga. Dzulo ndinapita kukauona mundawo. Ameni.