Tsiku limene wapolisi anandipatsa moni

Ndine mayi wogulitsa tomato ku Mitundu, dzina mundibisire. Pali wapolisi wina amene tinamuzolowera ndi kukalipa basi. Tsiku lina masana anafika pabenchi langa n'kunena motsitsa mawu, "Mayi, mwaswera bwanji? Ndikhale nawo pang'ono."

Amuna anga amayendetsa njinga yamoto ya kabaza, ndipo mapepala ake ngosakwanira. Mumtima ndinati ulemu umenewu ndi msampha.

Ndinamupatsa kapu ya madzi, iye n'kumwa.

"Ndikuchokera pangozi ya minibasi ku Nathenje," anatero. "Ndanyamula mwana wakufa, msinkhu wa mwana wanga. Anthu amangojambula ndi mafoni."

Chisoni chinandigwira ndithu. Komabe atangotembenuka ndinaimbira amuna anga kuti asayerekeze kudutsa kumsika. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinamulakwira wapolisiyo.