Nyemba za Amayi

— Halo?

— Halo, Dona? Ukundimva?

— Ndani? Achemwali?

— Nanga wina angakutche Dona ndi ndani? Ndine.

— Eee, Akapitawo! Mwadzuka bwanji?

— Ndadzuka, kaya iwe?

— Ndadzuka bwino. Nanga alamu?

— Alamu ako adzuka.

— Nanga bondo lija?

— Bondo lilipo, silinapite kulikonse. Ana ali bwanji kumeneko?

— Ali bwino. Wamkulu uja wayamba ntchito yatsopano, kakhanda kake kayamba kukwawa. Wachiwiri uja dzana anali ndi chimfine, koma...

— Chabwino, onse ali bwino. Tithokoze Mulungu.

— Simunasinthe inu. Munthu asanamalize kulonjera mwatseka kale chitseko.

— Mayunitsi, Dona. Tikati tipereke moni kwa mdzukulu aliyense payekhapayekha, foni ithera pomwepo.

— Ndiye kwagwanji? Inu simuyimba chabe. Komaliza munayimba kundiuza za maliro a aphunzitsi athu aja.

— Kulibe maliro. Ndimati ndikuuze za alamu ako. Anawapeza ndi shuga.

— Ayi! Liti?

— Miyezi iwiri yapitayi. Shuga, ndi kuthamanga kwa magazi pamwamba pake.

— Miyezi iwiri, osandiuza?

— Nanga pano ndikutani? Usayambe kulira, akumwa mankhwala, ali bwino. Adokotala anawafunsa zimene amadya. Iwo n'kuyamba kutchula monyadira. M'mawa buledi woyera ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga. Masana zokazinga za pamsewu. Madzulo zakumwa zotsekemera za m'botolo. Zaka makumi atatu akuyendetsa lole, mimba yawo inazolowera za m'mapaketi zokhazokha.

— Adokotala n'kuti chiyani?

— Anangowafunsa kuti, makolo anu ankadya chiyani? Iwo akuti mbatata, maungu, nyemba, mapira, masamba a kudimba. Adokotala akuti, bwererani komweko. Mankhwala musasiye, koma chakudya chikabwera m'pepala lonyezimira muzichisiya m'sitolo.

— Ndiye alamu amvera?

— Amvera mopyola. Ukuwadziwa, akagwira chinthu amachigwira ngati chiwongolero. Shuga yense anakapereka kwa aneba. Agula mtondo, akusinja okha mtedza pakhomo, anthu akudutsa akuwaonerera. Dzulo anaimitsa wogulitsa mabisiketi pageti n'kumulalikira mpaka munthu kuthawa.

— Hahaha! Alamu omwe aja ankati mbatata ndi chakudya cha nkhumba?

— Omwewo. Pano akuti apongozi ndiwo ankadziwa kudya.

— Koma sakunama. Amayi anafika zaka makumi asanu ndi atatu akusenza okha ndowa. Mukukumbuka thandala lija kuseri kwa khitchini? Masamba kuyanika, maungu kuwunjika pansi pake, mtedza m'dengu pamwamba kuti ife tisafikire.

— Iwe unkafikira. Unkakwera pa mtondo.

— Inu munkagwira mtondowo!

— Ndinkaopa ungagwe. Ndipo bambo mano onse analipo mpaka tsiku lomaliza. Nzimbe ankasenda okha, osafuna mpeni.

— Fungo la m'khitchini muja ndimalimvabe nthawi zina. Utsi, tomato wakupsa, mphika wakuda uja ukubwata kuyambira m'mawa.

— Fungo ukulimva lero. Paja kusukulu unkachita nazo manyazi. Mbatata unkabisa m'kansalu kuti anzako asaone.

— Nanga mwana wa akalaliki uja ankabwera ndi buledi wopaka jamu, tikanatani?

— Usati tikanatani. Ndiwe unasinthanitsa mbatata zitatu ndi kachidutswa kamodzi ka buledi, kolumidwa kale.

— Kanali kokoma!

— N'kufika kunyumba ukunjenjemera ndi njala. Amayi osakalipa, anangokufunsa kuti, nanga dona wathu wakhuta? Dzina linayambira pomwepo.

— Ndipo silinachoke. Inu chaukapitawo chinayamba muli m'mimba. Halo? Achemwali? Mawu akudukaduka.

— Halo? Ndiwe ukuduka. Nyumba zanu zosanjikizanazo netiweki imakana kukwera.

— Dikirani ndituluke pakhonde. Eya. Mukundimva tsopano?

— Ndikukumva. Chikuwayaza n'chiyani kumeneko?

— Palibe, ndi mphepo. Pitirizani. Ndiye mwayimba kuti mundiuze kuti ndisiye buledi?

— Ukanasiya zikanakuthandiza. Kabati yako ija yodzaza ndi zitini ndi timapaketi ta supu, sindikudziwa kuti magazi ako akuyenda bwanji.

— Kabati munaiona zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.

— Yasintha?

— Sinasinthe kwenikweni. Koma nenani chimene mwayimbira. Mwadandaula za mayunitsi, koma mukuzungulira. Akapitawo sazungulira.

— Mvula yayandikira.

— Ndaona mitambo.

— Ukukumbuka nyemba za amayi? Zamawanga zija, zoyanga?

— Ndingaiwale? Zija ankati anapatsidwa ndi amayi awo. Zosafuna mafuta, msuzi wake umadzikhuthalira wokha.

— Zomwezo. Ukudziwa kuti ndakhala ndikubzala chaka ndi chaka chimwalirireni amayi. Sindinadumphepo. Koma chaka chathachi bondo linandigwira, ndinangobzala mizere iwiri. Mbuzi za aneba n'kulowa. Zimene ndinakolola zinangokwana botolo limodzi.

— Limodzi lokha?

— Limodzi. Sindinaphikeko ngakhale kamodzi. Ndinathira phulusa kuti anankafumbwe asalowe, monga ankachitira amayi, n'kutseka, n'kuika pamwamba pa kabati kuseri kwa nyale. Mbewu.

— Ndiye anankafumbwe alowa?

— Nankafumbwe wake wa miyendo iwiri. Sabata yatha ndinapita kukaonetsa bondo, n'kugona masiku awiri kwa mwana wanga wamkazi. Pobwera ndapeza alamu ako pakhomo, thaulo m'chiuno, kumwetulira mpaka m'makutu. Akuti khala pansi mayi, lero ndaphika ine. Chakudya cha makolo chenicheni, chopanda mafuta, chopanda za m'paketi.

— Achemwali, ayi.

— Tebulo atayala, mbale atavundikira. Mbatata pambali. Nditangoika supuni yoyamba m'kamwa ndinadziwa.

— Mayo ine!

— Sindinayang'ane n'komwe pa kabati. Lilime linandiuza.

— Nanga phulusa lija sanalione?

— Analiona. Akuti, koma iwe ukalamba wakupeza, phulusa unalitayira bwanji m'chakudya? Ndatsuka katatu kuti lichoke.

— Zonse anaphika?

— Zonse. Botolo anatsuka n'kuthiramo madzi akumwa.

— Munawachita chiyani?

— Ndinadya.

— Munadya?

— Nanga ndikanatani, zinali zitapsa kale. Umafuna ndikazikwirire kudimba? Ndinadya mbale yonse, misozi ikugwera momwemo. Iwo akuganiza kuti ndakondwa. Akuti, waona, zikukoma ngati zija ankaphika apongozi. Ine mumtima, ee bambo, ndi zomwezo.

— Koma zinakoma?

— Usandifunse zimenezo. Ndinangoona ngati ndakhala pa mkeka uja, amayi akugawa ndi chipande, iwe ukulira kuti mbale yanga yachuluka.

— Inkachuluka.

— Ndinali wamkulu. Alamu akowo ndinawauza m'mawa mwake. Anakhala pansi mpaka tiyi kuzizira. Kuyambira tsiku limenelo azungulira misika itatu, atakulunga kanyemba kamodzi kophika m'kapepala, kuonetsa ogulitsa.

— Kophika?

— Nanga kakawisi akakatenga kuti? Anthu akungowaseka. Wina anawagulitsa zofiira wamba, akuti zikauma mawanga atuluka. Kulibe, Dona. Ndafunsa kwa azakhali, ndafunsa kwa amene anagula munda wathu uja. Onse anasiya kalekale, akubzala za m'sitolo.

— Mhm.

— Ndiye ndimati... paja amayi atadwala komaliza anagawa pawiri. Anamanga m'tinsalu tiwiri. Kena ine, kena iwe.

— Ndikukumbuka.

— Ndikudziwa kuti papita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mwina unaphika, mwina zinatayika posamuka. Sindikukuimba mlandu. Koma ngati kansalu kaja kali penapake pansi pa sutikesi, ngakhale zitafumbwa, ndiyesa kuzinyika m'madzi. Mwina ziwiri zitatu zingamere.

— Tsiku lija munati chiyani, achemwali?

— Tsiku liti?

— Amayi akundipatsa kansalu. Azakhali ali pomwepo, anamwino ali pomwepo. Munati chiyani?

— Zakale zimenezo.

— Nyembazonso n'zakale. Munati chiyani?

— Ndinati Dona akabzala pati, pa simenti?

— Pitirizani.

— Ndinati mungondipatsa zonse ine, uyu akaphika ndi supu wa m'paketi.

— Anthu n'kuseka.

— Anaseka. Koma amayi sanaseke, anakufumbatitsa m'manja. Nanga ukufuna ndigwade pafoni? Bondo silipinda.

— Tamverani.

— Chiyani? Netiweki yayambanso kuwayaza.

— Si netiweki. Tamveraninso bwino.

— Dona. Ndi makoko amenewo?

— Makoko ouma. Ali pachingwe apa, pamwamba pa mutu wanga. Ndinathyola sabata yatha.

— Makoko a chiyani?

— Nanga tikukamba za chiyani? Zamawanga. Zoyanga.

— Usandiseweretse, ndine munthu wamkulu.

— Mabeseni atatu otha, ndinawaboola pansi ndi msomali. Dothi ndinakwera nalo ndekha ndi ndowa pamutu. Zingwe ndinamanga kuzitsulo za pawindo, zimayanga mpaka kudenga. Chaka ndi chaka, achemwali. Inenso sindinadumphepo.

— Pakhonde? Pamwamba pamenepo?

— Pa simenti.

— Ha!

— Eni nyumba anandikalipira kawiri kuti madzi akudonthera zovala za apansi. Ndinaika mbale pansi pa mabeseni, nkhani inatha. Apansiwo pano amandipempha masamba.

— Zimabereka?

— Sizichuluka. Zodzaza chitini cha mkaka, chaka chabwino chitini ndi theka. Theka ndimasunga m'phulusa. Phulusa ndimachita kukapempha kwa mayi wootcha chimanga pakona, amandiyesa wamisala.

— Nanga zotsalazo?

— Ndimaphika kamodzi pachaka, tsiku limene amayi anatisiya. Kamphika kakang'ono, tomato ndi mchere basi. Ndimadya ndekha pakhonde pano. Masiku ena onsewo ndi zitini zanga zija, sindikana.

— Zaka zonsezi osandiuza?

— Mukanati chiyani? Mukanati mabeseni si munda. Mukanandifunsa kuti ndatalikitsa bwanji mapando.

— Nanga watalikitsa bwanji?

— Mwaona!

— Ndangofunsa.

— Ndipo mukanabwera mukanaziona nokha. Ulendo womaliza uja munangoima m'khitchini, kutsegula kabati, kupukusa mutu, n'kuthamangira basi. Pakhonde simunafike.

— Ndinali ndi changu.

— Mumakhala ndi changu nthawi zonse. Halo? Mwadula?

— Ndilipo.

— Mukulira?

— Ndi chimfine. Tamvera, mayunitsi atsala pang'ono. Upatule zodzaza dzanja limodzi, umange bwino, upatse kondakitala wa basi ya m'mawa. Alamu ako akadikira pa siteji.

— Ayi.

— Ayi chiyani?

— Sizikwera basi zokha. Amayi anandipatsa m'manja, inenso ndikupatsani m'manja. Mubwere.

— Ndi bondo ili? Masitepe ako aja?

— Makumi atatu ndi anayi. Ine ndinakwera ndi dothi pamutu, inu mukwera ndi ndodo. Tizipuma panjira, apansi ali ndi mpando.

— Iwe mwana iwe.

— Mwana wa imvi. Ndipo mugone. Osati kuima ngati mwabwera kudzawerenga mita ya madzi. Tiphika kamphika kamodzi, tidye awiri pakhonde.

— Mbewu imeneyo, usaphike!

— Zilipo zokwana. Ine ndimadziwa kupatula zodya ndi zobzala, sindine alamu.

— Amva zimenezo, ali pakhomo apa akunamizira kukonza njinga. Akufunsa kuti zapezeka? Ee, zapezeka! Kwa Dona! Taona, akuvula chipewa.

— Muwauze abwere nawo. Anyamule thumba la dothi la kudimba kwanu, langali latopa. Akwere nalo okha masitepe, adokotala angakondwe.

— Akuti anyamula awiri. Ndibweretsa mbatata ndi mtedza, zitini zakozo sindidya.

— Buledi ndigule?

— Dona!

— Ndangofunsa. Mubwera liti?

— Lachinayi, basi yoyamba. Mvula isanagwe ndikhale nditabzala. Ndipo botolo lako ulibise, nankafumbwe akubwera.

— Ndiika pansi pa bedi. Mupereke moni kwa ana, kwa aneba, kwa azakhali mukawaona...

— Onse amva. Foni yalira, yatsala mphindi imodzi. Dona.

— Ee?

— Tsiku lija ndinayankhula zopusa.

— Mwati chiyani? Netiweki, achemwali. Bwerezani.

— Wamva.

— Sindinamve, mphepo yachuluka. Bwerezani pang'onopang'ono.

— Lachinayi. Uike madzi pamoto, ndi mpando pa sitepe ya khu...

— Halo? Achemwali? Halo?