Manja a Bambo Biswick Chapotera

Abale, anansi, akuluakulu a mpingo ndi nonse mwaima pa manda pano, imvani mbiri ya amene agona m'bokosimu. Wowerengane ndine Paterson, mlamu wawo, mlongo wa Mayi Peggy. Banja landituma kuti ndiwerenge zonse, zokoma ndi zonyansa zomwe, ndipo sindidumpha mzere.

Malemu Bambo Biswick Chapotera anabadwa pa 14 Malichi 1958 ku Kampepuza, m'boma la Ntcheu. Anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali mkulu wa adzukulu m'mudzimo, motero malemuwa anagwira khasu la kumanda asanamere ndevu. Anaphunzira kukumba, kutsitsa bokosi mwaulemu, ndi kusamba asanalowe m'nyumba. Tonse ochokera kumudzi tikudziwa kuti popanda adzukulu maliro sachoka pakhomo.

Sukulu anayambira kwawo komweko, nalekezera Fomu 2. Mu 1978 analembedwa ntchito yoyala ndi kukonza njanji ku Limbe, ndipo anagwiraponso ku Balaka ndi ku Salima. Ku Balakako ndi kumene anakumana ndi Mayi Peggy, namwino, ndipo anamanga ukwati woyera mu 1986. Mulungu anawapatsa ana awiri, Luntha ndi Khumbo.

Mu 2001 Mayi Peggy anapeza ntchito pa chipatala ku Lewisham, kuno ku London, ndipo chaka chotsatira malemu anawatsatira pamodzi ndi ana. Mpingo wathu unawalandira ndi manja awiri. Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi unawasankha kukhala dikoni, ogawa nawo Mgonero wa Ambuye. Nthawi imeneyo, amene anali kuwatamanda kwambiri ndi ena mwa inu amene mwazolika lero.

Ntchito anaipeza kudzera mwa Bambo Onias, mnzawo wobadwira pa famu ku Zimbabwe koma makolo a ku Dedza. Inali ntchito yokumba njira za pansi pa nthaka ndi kuyala njanji yatsopano yolowa m'masiteshoni a pakati pa mzinda uno. Mbali ina ya ntchitoyo inadutsa pa manda akalekale, a anthu amene anaikidwa agogo athu asanabadwe. Kakampani kamene kanapatsidwa chigawo chimenecho kanali kothamangira nthawi. Foromani anangoloza, katapila n'kuyamba kukokolola dothi, matabwa owola ndi mafupa zonse pamodzi, ngati akuyeretsa kudzala.

Malemu anapatsidwa ntchito yoima pansi n'kumalozera woyendetsa katapilayo. Tsiku lachitatu anaona kachigaza ka mwana kakugubuduka kuchokera m'chifosholo cha makinawo. Pomwepo anakweza dzanja, makina n'kuima, iwo n'kutsikira m'dzenjemo. Foromani anawakalipira, nawaopseza kuti aiwale za ntchito, koma iwo sanatuluke mpaka atatola mwanayo yense. Akatswiri ofufuza zakale amene anali pamalopo ataona m'mene ankagwirira mafupa, anapempha kuti bambo ameneyu azigwira nawo. Kwa miyezi isanu malemu anatola anthu osawadziwa mmodzimmodzi, aliyense m'bokosi lake, kuti akaikidwenso kwina mosasakanikirana. Ponyamula ankang'ung'udza nyimbo ya maliro chapansipansi. Poweruka ankasamba pa mpopi wa pantchito, ndipo kunyumba sankakhudza mwana asanasambenso.

Apa ndi pamene payambira zonyansa za ife eni ake. Munthu wina wa mpingo wathu, amene ankasesa m'maofesi a pamalopo, anawaona tsiku lina atafungatira chigaza pachifuwa akuimba. Sanawafunse. Anathamangira pa foni. Pofika Lamlungu nkhani inali itabala ana: ati a Chapotera amacheza ndi mizimu, ati amazembetsa mafupa kupita kwa asing'anga kumudzi, ati kusambasamba kuja n'kwa mankhwala. Anthu ophunzira, anamwino amene amasambitsa mitembo pa shifiti sabata ndi sabata, anameza bodza limeneli osatafuna. Ena mwa iwo makolo awo anaikidwa ndi adzukulu ngati omwewa.

Palibe amene anawaitana kuti awafunse maso ndi maso. Zinangochitika mwakachetechete, mwachikhristu chathu chija. Pa Mgonero, anthu ankasamukira mzere wina kuti asalandire mkate wochokera m'manja mwawo. Pa khomo la tchalitchi ankawapatsa moni atavala magolovesi, ati kukuzizira, ngakhale mu Meyi. Poto wa mpunga umene Mayi Peggy ankabweretsa pa zochitika za mpingo ankabwerera wosavundukula n'komwe. Khumbo, ali ndi zaka khumi, anzake a Sande sukulu anamufunsa ngati kwawo amadya nyama ya anthu. Kenaka dzina la malemu linangosowa pa ndandanda wa ogawa Mgonero, popanda kalata, popanda mlandu. Zimenezi zimandinyansa mpaka lero, ndipo ndikudzinyansa ndekha, chifukwa inenso ndinakhala chete poopa kusalidwa.

Malemu sanachoke mu mpingo. Kwa zaka zisanu ankakhala pa benchi ya kumbuyo, manja ali m'matumba a jekete kuti asavutitse munthu ndi moni. Mayi Peggy atawapempha kuti asamukire mpingo wina, anayankha kuti sanalakwire Mulungu, ndiye athawiranji m'nyumba mwake.

Za manda zija zitatha, anapitiriza ntchito pansi pa nthaka, m'njira zolumikiza masiteshoni a King's Cross ndi St Pancras. M'nyengo yozizira ankalowa kusanache n'kutuluka kutada, dzuwa osaliona sabata yathunthu. Njirazo zitatsegulidwa, ambiri a ife tinajambulitsa zithunzi m'menemo n'kutumiza kumudzi, kunyadira London. Timayendamo popita ku ntchito, nsapato zili mbee, pamene amene anakumba tinkamuona ngati wodetsedwa.

Chifuwa chinawayamba chakumapeto kwa 2007. Anayamba kubanika pokwera masitepe, thupi n'kumatha. Madokotala anapeza matenda a m'mapapo, ndipo mu Novembala 2008 anagonekedwa m'chipatala. Anakhalamo masabata khumi. Bambo Onias ankabwera tsiku lililonse akaweruka, fumbi lili m'tsitsi. Anzawo a pantchito, a ku Ireland, a ku Poland ndi a ku Ghana, ankasinthana kukhala pambali pa bedi, kuwagwira dzanja. A mpingo anafika kawiri. Anaimba ataima kumiyendo kwa bedi, manja atapinda kumbuyo, n'kumapita.

Atatsala masiku atatu kuti atisiye, Mayi Peggy anawafunsa ngati akufuna kukagona ku Kampepuza. Anakana. Anati aona mokwanira mafupa akusamutsidwa, ndipo safuna kuyenda m'ndege ngati katundu. Mawu awo anali awa: "Mundiike konkuno, koma muyang'ane pa mapu, pasakhale podzadutsa njanji. Ndipo asandikwirire makina." Anatisiya m'mawa wa pa 27 Januwale 2009, ali ndi zaka makumi asanu.

Mapu tinayang'ana, ndipo n'chifukwa chake takuyendetsani mtunda wonsewu. Za makina, eni manda ano atilola kukwirira tokha. Bambo Onias ndi anzawo abweretsa mafosholo asanu ndi awiri. Asanu ndi limodzi agwira iwowo. Lachisanu ndi chiwiri, lija latsamira mpando apo, ndi la malemu eni ake, ndipo mpini wake unachita kusalala ndi manja omwe aja. Mayi Peggy apempha kuti limenelo ligwiridwe ndi a mpingo, mmodzimmodzi, kuti ana awa aone ndi maso awo kuti bambo awo sanali mfiti. Ndiyamba ndine. Amene abwere pambuyo panga avule magolovesi. Tikudziwa kuti kukuzizira.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Peggy Chapotera. Ana awiri, Luntha ndi Khumbo. Mayi awo owabereka, amene ali ku Kampepuza. Alongo awo atatu ndi mng'ono wawo mmodzi.

Bambo Biswick Chapotera apumule mu mtendere, pamalo pamene sadzawasunthanso munthu.